Mfuti Ziwiri ndi Ndowa ya Flossie

Moni kwa inu nonse, amene mwangoweruka kumene ndi amene mukudikira nthawi yokalowa ntchito. Tiyamike Mulungu amene watidzutsanso lero ngakhale mafupa akukana. Khalani pansi, muvule nsapato ngati mungathe, mumve za Medson ndi dimba la mkazi wake.

Medson ndi Flossie ankakhala ku Manassas, tauni ya kufupi ndi Washington, m'kanyumba kapamwamba ka zipinda ziwiri. Onse ankagwira ntchito yosamalira okalamba: kudzutsa, kusambitsa, kutembenuza, kudyetsa, mawa lake chimodzimodzi. Nthawi zambiri ankakumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka, n'kupatsana moni ngati anthu ongoyandikana nyumba. Mwana wawo Tiya anali ku koleji. Phewa lamanja la Medson linayamba kudandaula kalekale chifukwa chonyamula anthu olemera kuposa iye, koma ankangolipaka mafuta otentha n'kumapita.

Zaka za m'mbuyomo Medson anasamalira nkhalamba ina, Bambo Kessler, amene anali ndi famu ya maapozi kumadzulo, kumene nyumba zimayamba kutalikirana ndipo nkhalango imafika mpaka pamsewu. Asanamwalire, bamboyo anachita zinthu ziwiri. Anauza mkazi wake kuti Medson azilima pangodya ya famuyo, m'mphepete mwa nkhalango, ndipo anamupatsa mfuti yake ya ulenje. Inali mfuti ya bawuti, ija yakuti ukaombera umakweza kachitsulo kapambali, kukakokera kumbuyo kuti chigoba chituluke, n'kukakankhiranso kutsogolo kuti chipolopolo china chilowe. Mtengo wake unali utasalala ndi manja a mwini wake. Medson anailandira chifukwa mphatso ya munthu amene ali pamphasa sikanidwa. Anakonza zonse zimene lamulo limafuna, n'kuitsekera m'bokosi.

Dimbalo linakhala la Flossie. Anaunga mizere ndi khasu ngati kwawo ku Ntchisi, mpaka oyendetsa mathirakitala ankachepetsa liwiro kuti aone. Anadzala chimanga choyera, maungu a nkhwani, therere, bonongwe ndi mpiru. Lamulungu ankanyamula masambawo m'matumba kupita nawo ku tchalitchi ku Hyattsville, m'dera loyandikana nalo la Maryland, ndipo amayi ankagawana mapemphero akatha. Flossie ankati pamalo onse amene amawerama, padimba pokha ndi pamene msana wake umakhala chete.

Koma chaka chimenecho agwape anachuluka. Agwape a kuno si timbuzi ta m'thengo tija ayi, ena amafika msinkhu wa thole. Anadya chimanga chisanakhwime, anamaliza nkhwani, kenako anayamba kusenda makungwa a mitengo ing'onoing'ono ya maapozi. Mwana wa Mayi Kessler, dzina lake Jesse, amene ankakhala kutali, anati famu yonse iperekedwe kwa gulu la alenje kuti lizisaka kumeneko. Alenjewo sankafuna munthu woyendayenda m'mphepete mwa nkhalango, kutanthauza kuti dimba lithe. Mayi Kessler anaitana Medson n'kumuuza mosabisa kuti iwo akalamba, alibe mphamvu zolimbana ndi mwana wawo. Ngati Medson angaonetse chaka chisanathe kuti atha kuchepetsa agwapewo, adzakhala ndi poyambira pomuikira kumbuyo. Apo ayi, Flossie achotse makasu ake.

Nkhaniyi Medson anaifotokozera Chilufya panja pa tchalitchi, anthu akumwa tiyi. Chilufya anali wa ku Lusaka, ankagwira ntchito m'bungwe lina ku Washington, ndipo Loweruka, pamene ena ankaonera mpira, iye ankapita kukaombera mapepala oyesererapo mfuti. Mfuti yake inali ya semi, ija yakuti ukaombera imataya yokha chigoba n'kudzilowetsera chipolopolo china, iwe n'kumangokhudza ndi chala.

"Ba Medson, ija mfuti yanu inabadwa pamodzi na agogo banu," anatero Chilufya. "Pamene muzayamba kukoka chija chisulo, gwape azankhala afika ku Maryland."

"Agogo anga sankaphonya, achimwene. Inu a ku Lusaka mumayankhula ngati mfuti yanuyo, mawu khumi pa nkhani imodzi."

"Na imwe ba ku Malawi mukamba kamodzi, manje mupumula mpaka Khisimisi."

Anaseka, koma Medson anaseka pang'ono chabe. Anagwirizana kuti akayese mfuti zonse ziwiri kumalo ophunzirira kuombera, Medson asankhe yekha.

Anapita Loweruka lotsatira, Medson atangochoka ku ntchito, maso ali ofiira. Chilufya anayamba ndi ulaliki wake. Anati semi ndi yabwino nyama zikakhala zambiri kapena zikamathamanga, chifukwa ukaphonya sumachotsa diso, umangobwereza. Anati siimenyanso phewa kwambiri, popeza mphamvu ina imathera pokankha zitsulo zam'kati. Medson atafunsa za kuipa kwake, anavomera monyinyirika kuti ili ndi tizitsulo tambiri, imafuna kutsukidwa ngati mwana wakhanda, ndipo ikada imatha kukakamira pa nthawi imene ukuifunitsitsa. Anavomeranso kuti imawononga zipolopolo, chifukwa chala chimathamanga kuposa mutu.

Medson anaika mfuti ya Bambo Kessler patebulo. Zimene ankadziwa za iyo anazimva kwa mwini wake masana aatali aja akumusisita miyendo. Mfuti ya bawuti ilibe zambiri zoti zingawonongeke, siopa fumbi kapena kuzizira, ndipo patali imalunjika bwino. Nkhalambayo inkati munthu amene akudziwa kuti chipolopolo chachiwiri chichedwa amasamala choyamba.

Choyambacho chinalowadi pakatikati pa pepala, mpaka Chilufya anaimba mluzu. Koma mfutiyo inamenya phewa ngati bulu, ndipo pamene Medson anati akweze kachitsulo, ululu unayenda kuchokera m'khosi mpaka m'chigongono. Anakoka ataluma mano. Chachiwiri chinapita m'mbali. Chachitatu sichinaoneke n'komwe papepalapo.

Atagwira ya Chilufya, phewa linapuma. Zipolopolo zinamwazikana papepala ngati nthomba, palibe cholowa pakati, koma zonse zinali pomwepo.

"Mwaona manje? Tengani yanga, mudala. Thupi yanu yakamba."

Medson anasisita phewa. Kenako anati pepala ndi gwape n'zosiyana. Pepala ungaliboole kakhumi, silimva kuwawa. Gwape amafuna chimodzi chabwino, afe asanadziwe, pakuti nayenso ndi cholengedwa cha Mulungu. Chimene sananene n'chakuti sakanatha kuponda m'munda wa Bambo Kessler atanyamula mfuti ya munthu wina, yawo itatsekeredwa m'bokosi. Chilufya anapukusa mutu nati adzabwera ndi yake, adzakhale kumbuyo ngati wothandiza m'busa.

Nyengo yosaka inatsegulidwa mu Novembala, koma Medson sanapeze tsiku. Kuntchito anthu anali ochepa, ndipo ankangomupempha kuti apitirize shifiti ya mnzake. Lamulungu sakanagwira mfuti. Tsiku linapezeka kumapeto kwa mwezi, Loweruka la sabata ya chikondwerero chothokoza, pamene mabanja a kuno amasonkhana. Flossie nayenso anali atagwira ntchito usiku wonse, koma anati apita nawo chifukwa chisanu chikubwera ndipo mpiru wotsalawo ufunika kuthyoledwa.

Anafika dzuwa litapendeka. Pakhomo pa Mayi Kessler panali galimoto yachilendo, ndipo Medson anadziwa kuti Jesse wabwera ndi banja lake. Sanafune kusokoneza, anangoimbira mayiwo foni kuti afika, n'kulunjika kudimba. Flossie anathyola mpiru wodzaza matumba awiri, wina n'kuusiya m'mizere kuti ukope agwape. Atamaliza, Medson anamulozera kanyumba kosungiramo makasu.

"Mayi a Tiya, mukhale umo. Mungaone chiyani, musatuluke, musayankhule."

"Ndiyankhule ndi ndani, bambo a Tiya? Ndi wilibala?"

Analowa n'kukhala pathumba la manyowa, chitseko chili chotsekula pang'ono. Amuna awiriwo anavala zovala zowala za alenje n'kukabisala kuseri kwa mulu wa nkhuni, Medson kutsogolo, Chilufya kumbuyo kwake chakumanja. Kutsogolo kwawo kunali dimba, kuseri kwa dimba kunali chitunda, ndipo nyumba inali kutali kumanzere, kuseri kwa mpanda wamatabwa.

Kudikira kunali kowawa kuposa ntchito. Mphepo inkalowa m'makutu. Medson ankaimba nyimbo ya m'tchalitchi mumtima kuti asagone, koma ankapezeka wabwereza ndime imodzimodzi osadziwa pamene wayambira. Anapemphera pemphero lalifupi, losakongola: Ambuye, mkazi wanga alibe pena popumira.

Dzuwa litatsala pang'ono kukhudza mitengo, agwape anatuluka. Anabwera mwaulemu ngati alendo oitanidwa, wamkulu patsogolo, ena pambuyo, n'kulowa m'mizere ya mpiru. Wamkuluyo anaima chopingasa, mtunda wabwino. Medson anaika tsaya pamtengo wa mfuti, anapeza malo akuseri kwa mwendo wakutsogolo, anatulutsa mpweya pang'onopang'ono.

M'kanyumba muja Flossie anali atagona tulo tofa nato. Chimene chinamudzutsa sakuchidziwa mpaka lero. Anangotsegula maso n'kuona pa mpata wa chitseko nyama zili m'mizere yake, zikudya. Sanakumbuke za Manassas, kapena za mfuti, kapena za mawu a mwamuna wake. Thupi linachita zimene linaphunzira ali kamtsikana, akulondera chimanga cha amayi ake kwa anyani m'mphepete mwa phiri. Anatola ndowa yachitsulo ndi mpini, anatuluka akuimenya ndi mphamvu zake zonse, akukuwa.

"Chokani! Chokani, afiti inu!"

Mfuti ya Medson inalira nthawi yomweyo gwape akudumpha. Chipolopolo chinamupeza m'chiuno. Anagwa, anadzuka, anayamba kuthawa akukoka mwendo, osati kunkhalango kumene anzake analowera, koma chakumpanda wa nyumba. Medson anagwira kachitsulo kuti akoke. Dzanja linakwera pang'ono n'kuima. Anayesanso, phewa linakana ngati chitseko chotupa ndi mvula. Anangoyang'ana nyama ikupita ndi ululu umene iye anaipatsa.

Chilufya anali ataimirira kale. Sanaombere msanga. Anaitsatira ndi mfuti mpaka inafika pamene kumbuyo kwake kunali chitunda chokhachokha, ndipo apo anaombera kawiri motsatizana. Gwape anagwa pafupi ndi ngodya ya mpanda, osadzukanso.

Flossie anali chiimire pakati pa mpiru, ndowa ili m'manja. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana ndowayo, n'kuiika pansi mosamala ngati ili ndi madzi. Kunyumba kuja kunamveka kulira kwa ana, ndi mawu a mwamuna akuwaitana kuti alowe msanga.

Palibe anakalipira mnzake. Analibe mphamvu zake. Chilufya anachita pafoni zimene boma limafuna mlenje akapha nyama, kenako anathandizana kuitumbula. Ali mkati mosenda, anafunsa mwanthabwala kuti nyamayo ndi ya ndani, popeza wina anayamba wina anamaliza. Medson anayankha osaseka kuti kwawo wolasa woyamba ndiye mwini nyama, womaliza amalandira mwendo wakutsogolo, koma mwendo wathako ndi wa mwini nthaka, ndipo umaperekedwa munthu asanalawe kanthu. Anadula mwendo umene sunavulale, anaukulunga m'pepala loyera, nati apite kunyumba.

"Manje manje? Uja mwamuna akalipa, mudala. Tiyembekeze mailo."

"Mawa ndi Lamulungu, ndipo mkuja ndili kuntchito. Tiyeni."

Jesse anawatsegulira chitseko nkhope ili gwa. Mayi Kessler anali pampando wawo pafupi ndi zenera la kukhitchini, pamene anaonera zonse. Flossie atangolowa anagwada pansi, mayiwo n'kuyamba kumuchonderera kuti adzuke, koma iye anakhalabe chogwada. Medson anapereka mwendowo ndi manja awiri, n'kufotokoza m'Chingerezi chake chodekha kuti kwawo munthu akapha nyama m'dera la wina, amabweretsa mwendo kuti avomereze kuti malowo ali ndi mwini wake. Anapepesa chifukwa cha ana.

Jesse sanakweze mawu, koma anayankhula nthawi yaitali. Anati ana ake anali panja. Anavomera kuti zipolopolo sizinalunjike kunyumba, koma anati munthu sangakhale pakhomo pake akumva kukuwa, zitsulo ndi mfuti kulira katatu chifukwa cha gwape mmodzi. Anati agwape ali m'nkhalangomo ndi ochuluka, ndipo munthu wogwira ntchito usana ndi usiku sangawathe. Zonsezi zinali zoona. Kenako Jesse anayang'ana chikwama cha mfuti chimene Medson anachisiya pakhonde, ndipo mawu ake anasintha. Anati bambo ake sankafuna chipolopolo chachiwiri ndi mfuti imeneyo. Anati anaphunzirira pa iyo ali mwana, ndipo atabwera kumaliro anapeza palibe.

Medson anali atasamalira anthu ambiri ndi ana awo, moti ankadziwa kumva chimene munthu akulira pansi pa chimene akunena. Anatuluka, anatenga chikwamacho, anatsegula. Anachotsa bawuti, kachitsulo kaja, ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja linali litalendewera, anaonetsa kuti m'kati mulibe kanthu, n'kupereka zonse ziwiri kwa Jesse.

"Bambo anu anandipatsa, ndipo ndinawathokoza. Koma phewa langa latha. Lero ndazunza nyama chifukwa chokakamira. Itengeni, ibwerere kwawo."

Jesse anailandira osadziwa poyang'ana. Anayendetsa chala pamtengo wosalala uja, n'kukhala pansi.

Mayi Kessler ndiye anafunsa za ndowa. Anafuna kudziwa chimene chinachitika kuti mayi wofatsa chotere atuluke ngati nyumba ikupsa. Flossie anafotokoza maso ali pansi kuti anagona, ndipo atadzuka anaiwala dziko limene ali. Anati kwawo munda sautchinjiriza ndi mfuti, amautchinjiriza ndi phokoso, ndipo mwana amene walola anyani kudya iye ali chete sadya madzulo amenewo. Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kwa munthu amene wakhala nthawi yaitali m'nyumba yopanda phokoso.

Atapuma ananena chigamulo chawo, ndipo sichinali chimene Medson anapempherera. Alenje abwera, chifukwa mitengo ya maapozi ikutha ndipo Jesse akunena zoona. Ngodya ya kunkhalango ija Flossie aisiye. Koma kuseri kwa khitchini, m'kati mwa mpanda, kunali kamalo kamene kale ankadzalapo maluwa, tsopano kangomera udzu. Kumeneko alenje safikako. Anati Flossie alimepo ngati akufuna, ndipo agwape akadumpha mpanda amenye ndowa yake mmene angafunire, iwo azidzaonera pazenera. Anayang'ana mwana wawo. Jesse, mfuti ili pamiyendo, anagwedeza mutu kuvomera.

Anatuluka kukaona malowo pa kuwala kwa nyale ya pakhonde. Anali aang'ono, osafika ngakhale theka la dimba lakale. Chimanga sichikanakwanapo, mwina mpiru, nkhwani ndi mizere ingapo ya therere. Flossie anakanda pansi ndi chidendene. Dothi linali lolimba, lodzaza mizu ya udzu, lofuna kuyambidwa ngati tsala. Zaka zonse zimene anathira manyowa kungodya kuja zinatsalira alenje.

"Bambo a Tiya, ndakulakwirani."

"Mwalakwira gwape, ine ayi. Mukanakhala chete, mwina ndikanapha mmodzi bwinobwino, n'kumadzinamiza kuti ndikwanitsa onse."

Flossie anawerama, anazula tsinde limodzi la udzu, anakutumula dothi lake n'kulinunkhiza. Anati likufuna manyowa ambiri, ndipo ayambe kutipula chisanu chisanaumitse nthaka. Medson anati phewa likalola. Flossie anati sanapemphe phewa la munthu, khasu ali nalo.

Chilufya anali atakweza kale nyama m'galimoto. Anapatula mwendo wake wakutsogolo, nati wotsalawo ukagawidwe ku tchalitchi pamodzi ndi mpiru, koma aliyense wolandira auzidwe kuti yamaliza ntchito ndi mfuti ya ku Lusaka. Medson anati auzidwa, ndipo auzidwanso kuti inafuna zipolopolo ziwiri. Anakhala kumpando wakumbuyo, anatsamiritsa mutu pagalasi, ndipo asanafike pamsewu waukulu anali atagona, dzanja lamanzere litagwira phewa lamanja.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu wa otopa akusungeni. Alimbitse mapewa anu pamene mukunyamula makolo a anthu ena, akupatseni tulo tokoma ngakhale titakhala tochepa, ndipo m'dziko lachilendo lino asakumaneni kadothi koti mupumirepo. Mtendere wake ukhale pa inu ndi pa ana anu. Ameni.